Marcia Sanajombe

Marcia anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Muloza ndi amayi ake. Marcia ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti aphunzitsi aitane dzina lake.

Tiyambe ndi dzinalo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Polemba timalemba Marcia. Koma potchula timati Marsiya. Tatchulani nanunso. Mar-si-ya. Eya, choncho. Ndi dzina la ku Mozambiki. Kumeneko c ameneyu amamveka ngati s.

Dzinali anamupatsa ndi abambo ake, a Vitorino. Iwo anali a ku Milange, kutsidya kwa malire. Ndiwo anamuphunzitsa kulilemba. Abambo ankalemba pansi ndi kamtengo. Marcia ankalemba m'munsi mwake.

Chaka chatha abambo anadwala. Anadwala mpaka anamwalira. Maliro atatha, amayi anamanga katundu. Anabwerera kwawo ku Muloza. Anabwera ndi Marcia.

Amayi dzina lawo anali a Malita. Anapeza ntchito yothyola tiyi. Ankanyamuka m'mamawa, dengu lili kumsana. Ankabwerako madzulo atatopa.

Sukulu zitatsegulidwa, amayi anakamulembetsa Marcia sitandade 1. Mzere unali wautali. Amayi ankathamangira kuntchito. Anangopereka kadi ya kusikelo. Ahedi anakopera dzina m'kaundula, buku lalikulu la mayina. Anakopera bwinobwino, chilembo ndi chilembo. Koma palibe amene analitchula.

M'kalasi munali ana oposa zana. Onse ankakhala pansi. Marcia anapeza malo kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Anakhala ndi mtsikana wina, dzina lake Tamanda.

Aphunzitsi awo anali Madamu Nakoma. Anali achikulire. Anali ndi imvi ndi magalasi. Sankakwapula ana. Sankakalipa. Koma ana anali ambiri, ndipo maso a madamu anali awiri okha.

M'mawa uliwonse madamu ankatsegula kaundula. Ankaitana dzina loyamba lokha, kuti afulumire.

“Simon.”

“Ndilipo, madamu.”

“Tamanda.”

“Ndilipo, madamu.”

“Malichiya.”

Zii.

“Malichiya.”

Ziii.

Mwamva pamene panalakwika? Madamu anaphunzira kuwerenga kalekale. M'mabuku a nthawi imeneyo, c ankamveka ngati ch. Ankalemba cimanga, n'kuwerenga chimanga. Choncho madamu ataona Marcia, anati Malichiya. Palibe anayankha. Madamu analemba kaziro pa dzinalo.

Marcia anadikira dzina lake. Anadikira mpaka madamu anatseka buku. Dzina lake silinamveke.

“Mwina mawa,” anatero mumtima.

Mawa lake anadikiranso. Silinamveke. Mkuja anadikiranso. Silinamveke.

Tsiku lililonse madamu ankati, “Malichiya.” Tsiku lililonse ana ankayankha pamodzi, “Wajomba!” Marcia naye ankayankha nawo. Sankadziwa kanthu, mwana wa eni. Ankamumvera chisoni Malichiyayo.

“Mwina akudwala,” ankaganiza. “Mwina nayenso kwawo kwagwa maliro.”

Mungafunse kuti, nanga bwanji sanafunse? Chinamutseka pakamwa chilipo. Tsiku loyamba kope lake linasowa. Marcia anafunsa mokweza.

“Ndani watenga kaderno yanga?”

Ku Milange kope amati kaderno. Ana anaseka. Simon anaseka mpaka kugwira pamimba.

“Kuno timati kope, iwe Kaderno,” anatero Simon.

Dzinalo linamumatirira. Ana ankangomuti Kaderno. Kuyambira tsiku limenelo Marcia anatseka pakamwa. Ankaopa kuti mawu ena a ku Milange angatulukenso.

Tamanda yekha ndiye ankadziwa dzina lake lenileni.

“Marsiya, bwanji madamu sakuitana?” anafunsa Tamanda.

“Kaya.”

“Ukawafunse.”

“Ndikuopa.”

“Pita. Madamu saluma.”

Marcia anaimirira. Anadutsa pakati pa miyendo ya anzake. Anafika kutsogolo. Madamu anali akuchonga makope. Ana ambiri anawazungulira.

“Ukufuna chiyani, mwanawe?” anafunsa madamu, maso ali pa kope.

Marcia anatsegula pakamwa.

“Palibe,” ananong'ona.

Anabwerera kumbuyo. Ngakhale kope lake sanapereke.

Koma kusukulu sanasiye. Dzuwa likawotcha, ankabwera. Mutu ukamupweteka, ankabwera. Madamu akalemba pa bolodi, iye ankalemba m'kope. Tsiku limodzi, tsamba limodzi. Tsiku limodzi, tsamba limodzi.

Panapita masabata anayi. Lachitatu lina ahedi analowa m'kalasi. Ana onse anaimirira.

“Mabuku owerenga abwera,” anatero ahedi. “Koma ndi ochepa. Lachisanu tifufuta mayina a ana ojomba. Amene dzina lake mulibe m'kaundula, adikire chaka chamawa.”

Ahedi anayang'ana m'kaundula. Analoza ndi chala.

“Uyu wajomba masiku onse. Mufufuteni, madamu.”

Madamu anayang'ana mzere wa tiziro. Anapukusa mutu.

“Mundipatse mpaka Lachisanu, bwana,” anatero. “Sindifufuta mwana amene sindinamuone.”

Kumbuyo kuja, Marcia ankamvetsera. Anamva mawu amodzi okha. Amene dzina lake mulibe, adikire chaka chamawa.

“Ndine ameneyo,” anaganiza. “Dzina langa mulibe. Lachisanu andibweza.”

Chaka chamawa ndi kutali. Tamanda adzakhala sitandade 2. Simon adzakhala sitandade 2. Marcia adzakhala kunyumba yekha. Anachita mantha, ndipo anamva chisoni chachikulu.

Madzulo amayi anabwera atatopa. Marcia anawalandira dengu. Anawapatsa madzi akumwa. Za kusukulu sananene. Sanafune kuwasenzetsa katundu wina.

Lachinayi ana anaweruka masana. Madamu Nakoma sanapite kwawo. Anaika kaundula m'chikwama. Anatenga ambulera yotchinga dzuwa. Anauyamba ulendo wofuna mwana wojomba.

Anafika pa azimayi ogulitsa nanazi.

“Kodi mukumudziwa mwana, dzina lake Malichiya?”

“Ayi, madamu. Sitinamumvepo.”

Anafika pa chigayo.

“Kodi mukumudziwa Malichiya?”

“Ayi, madamu. Kuno kulibe.”

Dzuwa linali loswa mtengo. Mapazi a madamu anatuwa ndi fumbi. Maondo anayamba kuwawa. Wina akanabwerera. Madamu sanabwerere.

Anafika pa siteji ya kabaza, pafupi ndi malire. Anatsegula kaundula. Anawerenga dzina lachiwiri.

“Ndikufuna mwana wa a Vitorino.”

Wakabaza wina, a Moffat, anavula chipewa.

“Malemu aja a ku Milange? Mkazi wawo ndi a Malita. Mudutse kuseri kwa tchalitchi. Muona nyumba ya nthochi zambiri.”

Marcia anali pakhonde, akusenda nandolo. Anaona ambulera ikubwera. Pansi pa ambulerayo anaona magalasi.

“Abwera kudzandiletsa sukulu,” anaganiza.

Anasiya lichero. Anathawira m'nyumba. Anabisala kuseri kwa chitseko.

“Odi kuno,” anatero madamu.

“Odini,” anayankha amayi. Anali atangofika kumene kuchokera ku tiyi. Anayala mphasa pamthunzi. Anapatsana moni.

“Mayi, ine ndine mphunzitsi wa sitandade 1,” anatero madamu. “Ndabwera za mwana wanu. Chitsegulire sukulu sanabwerepo. Kodi akudwala?”

Amayi anadzidzimuka.

“Sanabwerepo? Madamu, ndimamudzutsa ndekha. Yunifolomu ndimachapa ndekha. Amapita tsiku lililonse.”

“M'kaundula muli tiziro tokhatokha, mayi.”

Nkhope ya amayi inagwa. Anatembenukira kunyumba. Mawu awo anali olimba.

“Marsiya, tuluka.”

Marcia anatuluka pang'onopang'ono. Anagwada patali.

“Umapita kuti m'mawa?” anafunsa amayi. “Ine ndikupsa ndi dzuwa ku tiyi, iwe ukuzungulira m'misika? Abambo ako akanamva, akanati chiyani?”

Mawu amenewa anamupweteka Marcia kuposa chikwapu. Misozi inalengeza. Koma ulendo uno sanati palibe. Anadzuka. Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi kope lake. Anagwada pamaso pa madamu. Analipereka ndi manja awiri.

“Sindinajombe, madamu,” anatero. “Ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ndimadikira. Inu simundiitana.”

Madamu anamuyang'anitsitsa. Nkhope imeneyi anali ataionapo. Anatsegula kope.

Tsamba loyamba linali a, e, i, o, u. Tsamba lachiwiri linali ba, be, bi, bo, bu. Madamu anatsegula lina. Anatsegulanso lina. Zonse zimene analemba pa bolodi zinali momwemo. Ngakhale za lero zinalimo. Koma munalibe chizindikiro chofiira ngakhale chimodzi.

Madamu anatseka kope. Pachikuto panali dzina. Anatulutsa kaundula. Anaika mabuku awiriwo pamodzi pa mphasa. Zilembo zinali zomwezo.

“Mwana wanga, dzina ili umalitchula bwanji?”

“Marsiya.”

“Marsiya,” anatero madamu chapansipansi. “Ine ndimati Malichiya.”

Marcia anatong'ola maso.

“Malichiya uja ndine?”

“Ndiwe.”

Amayi anagwira pakamwa. Sanadziwe kuti aseke kapena alire. Anamukokera Marcia pafupi. Anamupukuta misozi ndi chitenje.

Madamu sanaseke. Anavula magalasi.

“Akuluakulu anati safunsa anadya phula,” anatero. “Ine ndadya phula mwezi wathunthu. Ndinali ndi mwana m'kalasi, osamuona. Ndinaitana dzina, osafunsa mwini wake.”

Madamu anagwira dzanja la Marcia.

“Wolakwa si iwe. Wolakwa ndine. Pepa, mwana wanga.”

Marcia anadabwa. Anali asanaonepo munthu wa imvi akupepesa mwana. Anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu.

“Ndamva, madamu,” anatero Marcia.

“Nanenso pepa,” anatero amayi. “Ndakukalipira usanayankhule.”

Madamu anatulutsa cholembera chofiira. Anatsegulanso kope. Anachonga tsamba loyamba. Anachonga lachiwiri. Sanathamange ayi. Pamene b anayang'ana kumbuyo, anamuonetsa Marcia. Marcia anakonza. Madamu anachonga. Anachonga masamba onse mpaka lomaliza.

Kenako amayi anayankhula.

“Madamu, musavutike nalo dzinali. Ingolisinthani. Mulembe Malisiya, mwa Chichewa. Aliyense aziwerenga mosavuta.”

Marcia anatenga kope lake msanga. Analikumbatira pachifuwa.

“Ayi, amayi,” anatero. “Anandilembera chonchi ndi abambo.”

Amayi anayang'ana pansi. Madamu anatseka cholembera.

“Dzina sitisintha,” anatero madamu. “Losintha ndi lilime langali. Tandiphunzitsa. Malisiya?”

“Ayi, madamu. Marsiya.”

“Marisiya?”

“Mwatsala pang'ono. Mar-si-ya.”

“Marsiya.”

“Mwakhoza, madamu.”

Apo ndiye amayi anaseka. Madamu nawo anaseka. Pochoka, amayi anawapatsa nandolo ndi chipatso cha nanazi. Marcia anawanyamulira chikwama mpaka pa tchalitchi.

Lachisanu linafika. Ahedi analowa ndi rula ndi cholembera. Anabwera kudzafufuta mayina. Madamu anaimirira kutsogolo.

“Ana inu, khalani chete. Ndili ndi mawu,” anatero. “Mwezi wonse ndakhala ndikuitana Malichiya. Inu mumati wajomba. Sanajombe. Ndinalakwa ndine. Sindinkadziwa kuwerenga dzina lake.”

Ana anayang'anana. Madamu osadziwa kuwerenga? Zimenezi zinali zachilendo.

“Aphunzitsi nawonso amalakwa,” anatero madamu. “Akalakwa, amafunsa. Lero atiphunzitsa mwini dzina. Bwera kuno, mwana wanga.”

Marcia anaimirira. Tamanda anamukankha pang'ono kumsana. Anzake anapinda miyendo kuti adutse. Madamu anamupatsa choko.

Marcia analemba pa bolodi. M. a. r. c. i. a. Analemba monga anamuphunzitsira abambo.

“Timatchula bwanji?” anafunsa madamu.

“Marsiya,” anatero Marcia.

“Tonse pamodzi.”

“Marsiya,” linatero kalasi lonse.

Ahedi nawo anatchula. Anaika rula m'thumba.

Simon anakweza dzanja.

“Madamu, ife timamuti Kaderno.”

“Kaderno ndi chiyani, Marsiya?” anafunsa madamu.

“Ndi kope, madamu. M'Chipwitikizi.”

“Nanga cholembera?”

“Kaneta.”

“Mwamva? Lero mwaphunzira mawu awiri. Inenso ndaphunzira. Koma munthu si kope, Simon. Munthu ali ndi dzina.”

Simon anakanda m'mutu.

“Pepa, Marsiya,” anatero.

Madamu sanalekere pomwepo. Anatenga kaundula. Anachoka patebulo. Anayenda pakati pa ana, mzere ndi mzere. Pa mwana aliyense anaima. Anamuyang'ana kumaso.

“Dzina lako ndani? Kodi ndimalitchula bwino?”

Anafunsa woyamba. Anafunsa wachiwiri. Anafunsa onse. Zinatenga nthawi, abale. Ahedi anayang'ana wotchi. Kenako anangokoka mpando n'kukhala. Panapezeka ana ena atatu. Mayina awo madamu ankawapotoza, koma anawo ankangoyankha poopa. Madamu anawakonza onse.

Pomaliza madamu anabwerera kutsogolo. Anafufuta tiziro tonse pa dzina la Marcia. Anayamba kuitana mayina.

“Simon.”

“Ndilipo, madamu.”

“Tamanda.”

“Ndilipo, madamu.”

Madamu anakweza maso. Anayang'ana kumbuyo, pafupi ndi chitseko.

“Marsiya.”

“Ndilipo, madamu!”

Mawuwo anamveka mpaka kalasi linalo. Ahedi anamupatsa buku lowerenga. Linali latsopano, lonunkhira bwino. Marcia analilandira ndi manja awiri.

Madzulo Marcia anakadikira amayi panjira. Anawaona akutsika kuchokera ku minda ya tiyi. Anawathamangira.

“Amayi, andiitana.”

“Wayankha?”

“Ndayankha mokweza. Sandibweza. Onani buku.”

Amayi anatula dengu. Anapukuta manja pa chitenje. Analigwira bukulo mosamala. Anakondwa kwambiri, mpaka misozi.

Atafika kunyumba anakhala pakhonde.

“Tandionetsa,” anatero amayi. “Amaitana bwanji kusukuluko?”

Amayi anali asanalowepo m'kalasi. Ali mwana, ankalera ang'ono awo. Dzina lawo silinalembedwepo m'kaundula aliyense.

Marcia anaimirira. Anatsegula buku lake ngati madamu. Anayang'ana amayi kumaso.

“Dzina lanu ndani, mayi?”

“Malita.”

“A Malita. Kodi ndatchula bwino?”

“Mwatchula bwino.”

“Ndiye ndikaitana, mukweze dzanja. Muziti ndilipo.”

Amayi anakhala tsonga pa mphasa. Anakonza duku lawo. Marcia anatsokomola pang'ono.

“A Malita.”

Amayi anakweza dzanja lawo lakuda ndi utomoni wa tiyi.

“Ndilipo, madamu,” anatero.